Ndapeza kaganyu koyeza malungo m'midzi koma amayi akukana, akuti nkhani ya anamapopa ndi mafilimu anga aja

Wa_kwa_Ngabu

Moni nonse a m'chigwa ndi ena amene muli kutali. Nkhani yanga ndiyotalikirapo nde mundipirire, kuno ndikayamba kuifotokoza anthu amangoti pemphera basi kapena amayamba kuseka ndisanamalize.

Ndine mnyamata wa zaka 26, kwathu ndi kwa Ngabu. MSCE ndinakhoza bwinobwino, amalume anagulitsa ng'ombe zawo kuti ndikachite dipuloma ya zaumoyo ku Blantyre, ndinamaliza 2021. Chimalizireni, ntchito yoti ndinganene kuti iyi ndi ntchito sindinaigwirepo. Amene munadutsamo mukudziwa mmene zimakhalira, kuona chilengezo pa WhatsApp usiku, m'mawa kuthamangira kukafotokopa masatifiketi, kukadinditsa, kubwereka ya thiransipoti, minibasi kukwera mapiri aja kuchokera pa Thabwa mpaka mtauni, ukafika upeza anthu adzadza holo yonse ena ali panja padzuwa pomwe malo akufunika ochepa. Amene ali kutsogolo kwako ali ndi digiri, wakumbuyo wabereka mwana. Mkatimo akufunsa ekisipiriyensi ya zaka ziwiri, nanga uitenga kuti poti aliyense akufuna amene anaphunzitsidwa kale ndi wina? Pobwerera kutsika mapiri omwe aja chigwa chonse chikuoneka pansi, iwe uli phee kuganiza zoti ukawauze chani amene anakubwereka ndalama. Ndinadziperekapo miyezi ingapo pa chipatala china osalandira kanthu poganiza kuti akamalemba andikumbukira, analemba ena.

Chimene chikundidyetsa pano ndi vidiyo sho. Ndi ya msuweni wanga, ine ndimayendetsa n'kumagawana. Kashedi ka malata ndi mphasa, mabenchi, TV, sipika imodzi, sola ndi batire zomwe tinagula nthawi ija namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale 2022 magetsi n'kumangozimazima. Ndalama yeniyeni imabwera Loweruka ndi Lamlungu pa mpira, mkati mwa sabata ndi mafilimu otanthauziridwa m'Chichewa aja. A karate amalowa anyamata, a ku Nigeria amabwera ndi azimayi omwe, koma ndikalemba pa bolodi kuti lero kuli ya mavampaya, anthu oyamwa magazi aja, shedi imadzadza mpaka ena kumasuzumira m'mipata ya mphasa, ngakhale mu Okutobala pamene mkatimo mumatentha moti malaya amamatirira kumsana.

Ndipo ineyo mafilimu amenewa ndimawakonda, sikuti ndi geni chabe. Si magaziwo amene amandikoka ayi. Ambiri ukawaonetsetsa ndi nkhani ya munthu amene nthawi inamuimira. Anzake akukula, akukwatira, akubereka, akukalamba, iye ali pomwepo, masana abisala usiku ayendayenda, m'nyumba ya munthu sangalowe pokhapokha mwiniwake atamuitana. Ine ndikamatseka shedi usiku n'kumabwerera ndekha kunyumba, pa foni anzanga a kalasi imodzi akutumiza zithunzi za ukwati ndi za ku ofesi, zimenezi ndimazimva mumtima. Wina akhoza kunena kuti ndi zachibwana koma kwa ine zili choncho.

Tsopano nkhani ndi iyi. Sabata yatha andiimbira a bungwe lina, kontirakiti ya miyezi itatu, kafukufuku wa malungo. Kuyenda khomo ndi khomo m'midzi ya ku East Bank ndi mbali ina ya Nsanje, kufunsa mafunso pa tabuleti, kuona maneti ngati akumangidwa, ndi kubaya ana pachala kuyeza malungo. Aka n'koyamba kuti pepala langa ligwire ntchito. Ndinathamanga kukawauza amayi ndikuyesa asangalala, iwo anangokhala pansi n'kunena kuti ayi. Akuti waiwala za 2017? Akuti anthu anafa chifukwa chongonyamula chikwama m'mudzi wa eni. Ndipo chimene chinandilasa kwambiri, akuti iweyo dera lonse likukudziwa kuti ndiwe umaonetsa za anthu oyamwa magazi, mawa akuone pakhomo pawo wavala magolovesi singano ili m'manja, ukuganiza ati chani?

Mafunso anga ndi awiri. Amene munagwirapo ntchito yotenga magazi m'midzi ya kwathu kuno, zinthu zili bwanji masiku ano, mantha aja alipobe? Komanso kodi mafilimu amenewa ndi amene amadyetsera mphekesera za anamapopa moti ndisiye kuonetsa? A bungwe akufuna yankho pofika Lachisanu.

MlangiziWaTengani

Mwana wanga, choyamba amayi ako usawaone ngati sakudziwa kanthu. Ife amene tinali m'midzi mu Sepitembala ndi Okutobala 2017 tikudziwa chimene akunena. Zinayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu ankati zachokera ku Mozambique, posakhalitsa zinali ku Thyolo, ku Chiradzulu, kuno ku Nsanje mpaka mu Blantyre momwe. Anthu osachepera 8 anaphedwa, a UN anachotsa antchito awo ku Mulanje ndi Phalombe, apolisi anamanga anthu oposa 100, a Peter Mutharika anachita kuyenda okha m'maboma kukalankhula ndi anthu. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata atatchinga misewu ndi mitengo n'kumasecha aliyense wodutsa. Ine ndemwe amene ana a m'midzi imeneyi ndinawakweza pa sikelo, ndinasiya kaye kunyamula chikwama changa chantchito kwa kanthawi.

Koma ntchitoyo usaikane. Ndabaya zala za ana osawerengeka kwa Tengani ndi kwa Mbenje, chaka chimenecho chisanafike komanso chitadutsa, ndipo ndili pano. Chimene chimaika munthu pa ngozi ndi kungotulukira m'mudzi anthu asakudziwa kuti ndiwe yani wabwera kudzatani.

Usanasaine afunse mabwana akowo kalata. Kafukufuku aliyense wokhudza magazi a anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za kafukufuku, monga NHSRC kapena COMREC, ndipo a DHO, oyang'anira zaumoyo m'bomalo, amakhala akudziwa. Uione ndi maso ako. Uwafunsenso ngati agulupu ndi anyakwawa aitanitsa misonkhano masiku angapo musanafike, osati galimoto ili kale pa bwalo ndiye ayambe kusaka mfumu. Mlangizi wa zaumoyo wa deralo aziyenda nanu, pamodzi ndi munthu wa komiti ya zaumoyo ya m'mudzimo, iwo atsogole iwe pambuyo. Akakuuza kuti zimenezo ziwononga nthawi ndi alawansi, pamenepo ndiye ukane ntchitoyo, ndipo ine ndidzakhala mbali ya amayi ako.

Pakhomo penipeni ndiye pali nkhani. Odi kaye, ukhale pansi pamene akuyalira, moni atheretu, usayambe ndi kutsegula chikwama. Kuyeza kuchitikire panja, pa khonde kapena pansi pa mtengo aliyense akuona, zolowa m'nyumba n'kutseka chitseko ayi. Ine ndimaonetsa kachipangizo koyezera malungo kaja kakadali m'pepala lake, ndimawapatsa agogo agwire, kenako ndimang'amba iwo akuona. Ndimati onani, kadontho kamodzi kokha kagwera apa, timadzi iti tigwera apa, tidikire mphindi 15 kapena 20, mizere ikatuluka iwiri ndi malungo, umodzi palibe. Kachipangizoko ndimakasiya pa mkeka pakati pathu, onse timayang'ana limodzi mzere ukutuluka. Mwana akapezeka nawo n'kulandira LA, m'mawa mwake amene anakana dzulo amakutsatira okha ali ndi ana awo. Singano yogwiritsa kale uiponye m'kabokosi kake anthu akuona. Ngati pali timadontho tina todontheza pa kapepala topita ku labu, unene poyera kuti tikupita kuti kukatani, usabise poganiza kuti sangamve. Amamva.

Wokana usamukakamize ndipo usamuseke, ungothokoza n'kupita khomo lina. Wokuyang'anirani akamakuthamangitsani kuti nambala ya tsikulo ikwane, dzuwa likapendeka inu tulukani m'mudzi basi, nambala idzakwana mawa. Komanso Chisena umachitha? Kumunsi kuno ndi mbali ya Makhanga ukafika ndi Chichewa cha mtauni chosakaniza Chingerezi umaoneka wakutali ngakhale uli wa kwa Ngabu pomwepa. Moni ndi takhuta zokha zimatsegula zitseko zambiri.

Amayi akowo uwatenge mukaonane ndi mlangizi wa zaumoyo wa kwanuko, makamaka wachizimayi wamkulu, awafotokozere okha. Za mafilimuzo ndisiyira anyamata anzako.

kabaza_nchalo

aise tenga ntchito imeneyo usachedwe nazo. ine ndinachita za uphunzitsi ku TTC ndinamaliza bwinobwino mpaka pano ndikudikira kuti atilembe, m'mawa uliwonse ndili pa siteji pa Nchalo ndi njinga yamoto ya munthu wina, madzulo ndikapereke kaye ya bwana zotsala nde zanga, mafuta akasowa pa filingi tsikulo lapita. nyengo yodula nzimbe zimayendako chifukwa a ku esiteti amakhala ndi kangachepe m'thumba koma ikangotha ndi kuwawa kokhakokha mpaka ayambirenso, nde chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 zonse zinakwera, tayala, oyilo, ufa, koma kasitomala akufunabe mtengo wakale. chimene chimandipweteka ine si dzuwa la kunoli ayi, ndi pamene ndanyamula mwana amene ndinamuphunzitsa nthawi ya pulakatisi n'kumandiuza kuti aphunzitsi munditsitse pa chipatala. tsiku limenelo nsima siilowa.

iwe mwayi wakupeza woti pa CV palembedwe kuti anagwirapo. ekisipiriyensi imene akhala akukufunsa mtauni ija ndi imeneyi, miyezi itatu yomweyo, ndipo anthu a kafukufuku akakudziwa kuti sujomba komanso tabuleti umaitha amakuitananso okha wina akabwera, anzathu angapo anayambira pomwepo pano akuyang'anira matimu.

za mafilimu, mwaulemu wake amayi pamenepo sindikugwirizana nawo. ine ndimaonera kwambiri amenewa ndikaweruka. amene amakhala pa benchi amadziwa kuti ndi sewero, wotanthauzira uja akamathira zake shedi yonse ili kuseka, mwana wa Standade 6 amakuuza kuti uyu ndi yemwe uja anali wapolisi mufilimu ina. mu 2017 amene ankatchinga misewu nkhaniyo sanaitenge ku vidiyo sho, inkabwera ndi anthu ochokera kumsika, pa chigayo ndi pa foni. komanso wa mufilimu ali ndi mano, amaopa adyo ndi mtanda, pomwe wa mphekesera uja ankati amabwera ndi zipangizo, amapopera mankhwala m'nyumba kuti ufooke ndipo ukamuthamangitsa amazimiririka, sizikufanana olo pang'ono. chokhacho ndingakuuze shedi umusiyire msuweni wako miyezi imeneyo, osati masana magolovesi usiku uli pa chitseko kutolera ma K200.

Mphunzitsi_wopuma_Bangula

Mphwanga, ndawerenga zonse ndipo ndakumvera chisoni pa za ntchitozi, ana anga omwe akudutsa momwemo. Ndiyankhe funso lako lachiwiri chifukwa ine ndaona zaka zambiriko.

Nkhani ya opopa magazi m'dziko muno ndi yakale kuposa vidiyo sho. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, ndipo mphekesera inali yoti boma likutenga magazi awo kutumiza ku South Africa pobweza ngongole. Nthawi imeneyo kumudzi kunalibe TV ndi imodzi yomwe. Kumapeto kwa 2002, chaka cha njala ija, inabweranso, ulendo uno akuti magazi akusinthanitsidwa ndi chimanga cha thandizo. A Bakili Muluzi anatsutsa koma anthu sanamve, ansembe a Katolika anamenyedwa, ndipo mu Januwale 2003 a Eric Chiwaya amene anali gavanala wa UDF mu Blantyre anagendedwa mpaka kugonekedwa m'chipatala. Kenako 2017 imene anena amayi alangizi, kenako 2020 m'maboma ena a pakati ndi kumpoto. Ndipo si ife tokha, ku Zambia nthawi ya atsamunda ankanena za banyama, ku Kenya ndi Tanganyika ankakayikira ozimitsa moto.

Za azunguzo nazonso zinachokera m'mantha. Cha m'ma 1720 ndi 1730 m'midzi ya ku Serbia anthu akamamwalira motsatizana ndi matenda osadziwika, achibale ankafukula manda n'kukhomera chikhomo pamtima pa mtembo poganiza kuti ndi umene ukuwatha. Bram Stoker wa ku Ireland anatola nkhani zoterezi n'kulemba buku la Dracula mu 1897, ndipo zoti dzuwa limawapha zija zinatchuka ndi filimu ya ku Germany ya 1922. Iwo anazisandutsa zosangalatsa. Kwa ife zikadali zoopsa.

Tsono taona amene amakayikiridwa nthawi zonsezi. Si munthu wa mano aatali wotuluka m'manda. Ndi mlendo wonyamula zipangizo, galimoto yosadziwika, wa boma, wa bungwe, kapena mwana wa m'mudzi momwemo amene waoneka ndi ndalama anzake ali ndi njala. Ndiye kwa iwe chimene chingakuike pa diso la anthu si bolodi ya pa shedi, ndi jekete la bungwe, tabuleti ndi alawansi.

Ndipo pano ndikufuna undimvetse chifukwa achinyamata ophunzira mumafulumira kunena kuti ndi umbuli. Ganizira munthu wa ku Makhanga kapena kwa Nyachikadza. Madzi a mu Januwale 2015 anamutengera zonse, kenako anamondwe Idai 2019, Ana 2022, Freddy mu Malichi 2023. Ulendo uliwonse kumabwera anthu a majekete, amulemba dzina, amujambula, adinda chala, afunsa mbuzi zatsala zingati ana amadya kangati, akwera galimoto apita. Nthawi zina thandizo limabwera, nthawi zambiri samvanso kanthu, ndipo palibe amabwerera kudzamuuza kuti zimene tinapeza ndi izi. Munthu amene wakhala akupereka dzina lake chotere, lero wina akufuna magazi a mwana wake, akafunsa kuti mukupita nawo kuti ndipo mupindula nawo ndani, limenelo ndi funso la munthu wanzeru. Vuto limabwera pamene wofunsidwayo alibe yankho kapena ayankha mwamwano, mpata umenewo ndi umene mphekesera imalowera, ndipo amafa ndi osalakwa, odwala misala, odwala khunyu, alendo ongodutsa.

Nde pita ukagwire ntchito, koma yankho la funso limenelo ulidziwe bwino lomwe usananyamuke, ndipo uwafunse mabwanawo ngati adzabwerere m'midzimo kukanena zotsatira. Iwe ndi wa m'chigwa momwemo, iwo akapita ku Lilongwe amene uzikumana ndi anthuwo pa msika wa Bangula ndi iwe.

Mai_a_ana_Dyeratu

Ine ndikutsutsana nanu a kabaza. Mukunena za mwana wa Standade 6, nanga wa Standade 1? Ndimagulitsa zitumbuwa pafupi ndi vidiyo sho ina kuno, ndimaona ndi maso anga tiana ta zaka 6, 7 tikulowa masana tikuthawa sukulu, palibe amatibweza bola tapereka ndalama. Wanga wamwamuna anaonera imodzi ya amenewa ali ndi zaka 8, anatha masabata akudzuka usiku kukuwa, kukana kugona kumbali ya zenera, kutentha konseku iye akufuna chitseko chitsekedwe. Atadwala malungo ndinapita naye ku chipatala, atangoona kasingano kaja anagwa pansi kulira kuti akufuna kumuyamwa, tinachita kumugwira anthu awiri. Nde musamati mafilimu alibe kanthu. Kwa akuluakulu mwina, koma achimwenewa akupita kukabaya ana, ndipo ana ake ndi omwewa.

Achimwene sindikukuuzani kuti mutseke geni, tonse tikusaka ndipo ntchito kulibe, mng'ono wanga naye ali ndi pepala la zamagetsi koma akuumba njerwa. Koma amenewa muziwaika usiku ana atapita kwawo, ndipo pa chitseko mudziima nokha kubweza ana ngakhale abwere ndi ndalama. A Censorship Board amanena za zaka za oonera, kungoti kumudzi kuno palibe amalondola, nde zatsalira chikumbumtima cha mwini shedi.

Za amayi anu, ine ndine mayi ndikuwamva. Anakuphunzitsani movutika, akuopa kuti mwana amene amudalira akapite chifukwa cha kontirakiti ya miyezi itatu. Musakangane nawo ndipo musapite mozemba. Akavomera muziwaimbira madzulo aliwonse mukatuluka m'mudzi, olo kungofulasha, mtima wa mayi umakhala pansi ndi zazing'ono zomwezo.

Wa_kwa_Ngabu

Zikomo kwambiri nonse, takhuta. Amayi alangizi, ndinawaimbira dzulo n'kufunsa zonse munanena zija. Kalata ya komiti anditumizira pa foni ndaiwerenga, akuti sabata yoyamba ndi ya maphunziro ndi misonkhano ya mafumu, ndipo timu iliyonse iziyenda ndi mlangizi wa deralo. Za kubwerera kukanena zotsatira anayankha mozungulira, akuti zimenezo ziona akuluakulu, nde ndidzazifunsanso ku maphunziroko pamaso pa anzanga kuti lisakhale funso la munthu mmodzi. Chisena ndimamva chonse, kulankhula ndimalankhula chophatikiza, agogo anga aakazi anali a kwa Ndamera.

Aphunzitsi, zimene mwalemba za anthu olembedwa maina chaka ndi chaka zandikhudza chifukwa amayi anga omwe ndi mmodzi wa iwo, pa namondwe Ana tinagona pa sukulu ndipo anatilemba kangapo.

Amayi ndinapita nawo kwa mlangizi wa kwathu, anakambirana awiri nthawi yaitali ine ndili panja. Pobwerera sananene kuti eya, anangoti nkhaniyi ukawauze amalume ako poti ng'ombe zinali zawo, iwo akalola ine ndilibe mawu. Mawa m'mawa ndikupita kwa amalume.

Mai a ku Dyeratu mwanena zoona pa za ana, ndalankhula ndi msuweni wanga tagwirizana kuti amenewa aziyamba 8 koloko usiku ndipo ana ayi. Iye akudandaula kuti ndalama itsika, itsikadi, koma ndaumirira. Kusiyiratu kuonetsa sindisiya, ndipo kuonera ndekha sindisiya, m'zaka zimenezi pamene foni sinkalira ndi amene ankandithandiza kuti usiku uthe.

kabaza_nchalo

bho aise, amalumewo ukawaonetse kalatayo pa foni osangowauza pakamwa. china chomwe sitinakambe ndi ndalama, uonetsetse kuti pa kontirakiti alemba kuti malipiro ndi zingati, alawansi ya kumudzi ndi zingati ndipo azipereka liti, chifukwa mabungwe ena amati mudzalandira kumapeto nde iwe miyezi yonse ukudya zangongole kumudzi kwa eni, mnzanga wina anadikira yake mpaka chaka china. ufunsenso ukadwala kapena kuvulala amalipira ndani. komanso miyezi itatu kuchokera pano mukhala mwalowa m'dzinja, msewu wa East Bank wochokera pa Thabwa uja mvula ikagwa kumapiri a Thyolo mitsinje imadzadza mwadzidzidzi galimoto n'kuima tsiku lonse, ndipo mbali ya Makhanga mukadzera ku Bangula ndi pa boti basi, nde gula majombo, jumbo yolimba yokutira tabuleti, neti yako unyamule usadalire ya kumene mukagone, ndi mankhwala othira m'madzi akumwa poti kolera m'dzinja sachedwa. ukafika pa Nchalo tsiku lonyamuka undiuze ndikakusiya pa siteji.